Mlimi wa Njuchi Analembera Laibulale

Tsiku limene Suhaib analowa koyamba mu laibulale ya m'dera lathu kuno ku Irbid, diso lake lakumanzere linali litatupa ngati tomato wakupsa.

Tasnim anali atakwera pampando, foni m'manja, akujambula mabuku atsopano. Ndiye ankayendetsa tsamba la laibulaleyo pa Fesibuku, ndipo anali atazindikira kuti buku, monga munthu, limakongola ukalijambula kuchokera pamwamba.

"Pepani achemwali," anatero mnyamatayo. "Muli nalo buku la matenda a njuchi?"

Tasnim anatsika pampando. Anayang'ana mnyamatayo, kenako disolo.

"Zikudwala ndi njuchi, kapena inuyo?"

"Njuchi. Ine ndili bwinobwino."

"Inde, zikuonekeratu."

Buku la njuchi linalipo limodzi. Linasindikizidwa Tasnim asanabadwe, linkanena za njuchi za kumayiko kumene dzuwa limaoneka kawiri pachaka, ndipo masamba onena za matenda anali atang'ambidwa ndi munthu wina amene mwina njuchi zake zinachira.

Suhaib anausa moyo. Pa ming'oma makumi anayi imene malemu bambo ake anamusiyira, isanu ndi itatu inali itakhala kale chete.

"Khalani apa," anatero Tasnim, akukokera mpando pafupi ndi kompyuta.

Anamufunsa mafunso ngati wachipatala. Njuchizo zikukwawa? Mapiko ndi opunduka? Pamsana pali timadontho tofiira? Kenako analowa pa intaneti, m'nkhokwe za zolemba za akatswiri zimene laibulale imaloledwa kutsegula. Pasanathe theka la ola anali atamusindikizira masamba khumi ndi awiri onena za tinthata toyamwa njuchi, kuphatikizapo kafukufuku wa kuno komwe, wa nyengo yathu yomweyi.

"Ine ndimayesa laibulale ndi mashelefu basi," anatero Suhaib.

"Mashelefu ndi khonde chabe. Nyumba yeniyeni ili umu." Tasnim anagogoda kompyutayo ndi chala.

Mnyamatayo anapinda mapepala aja mosamala, n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

"Nanga ndikakhala ndi funso lina? Mwina mukanandipatsako nambala yanu ya foni..."

"Nambala yanga ali nayo ndi bambo anga, achimwene anga awiri ndi mayi a Yazan apo. Malo anadzaza. Lemberani tsamba la laibulale. Timayankha funso lililonse."

"Lililonse?"

"Lokhudza mabuku."

Mayi a Yazan, amene akhala pa tebulo lobwereketsa mabuku zaka makumi awiri ndi zitatu, anali akudinda buku limodzimodzilo kachitatu. Mnyamatayo atatuluka anati, "Mwana wanga, diso linalo, labwinolo, silinayang'anepo kompyuta ngakhale kamodzi."

"Aa, inunso azakhali!"

Tsamba limeneli linali ndi mbiri yake. Mkulu wa laibulale ndi a Fawwaz, amene aliyense amawatcha Ustaz, kunena kuti aphunzitsi, ngakhale palibe amene amakumbukira chimene anamuphunzitsa. Poyamba iwo analikana. "Laibulale si shopu ya nsapato kuti izidzitsatsa," anatero. Anadzalola atamva kuti pamwamba pa tsamba pamaikidwa chithunzi, ndi kuti chithunzicho chikhoza kukhala chawo.

Pansi pa chithunzicho Tasnim ankagwira ntchito. M'mawa uliwonse ankaikapo buku la tsikulo. Ankakumbutsa amayi za ola la nthano za ana, kuyankha ophunzira ofuna mabuku a mayeso, ndi kuuza madala opuma pa ntchito ngati nyuzipepala yafika, kuti asavutike kukwera chitunda pachabe. Chipinda chowerengeramo, chimene kale munkangokhala fumbi ndi mphaka mmodzi, chinayamba kuperewera mipando.

Uthenga wa Suhaib unafika patapita masiku anayi.

"Kwa laibulale: tinthata tachepa. Njuchi zikupereka moni."

"Laibulale yalandira moniwo. Nanga diso?"

"Laphwa. Likuti likufuna kuonanso laibulale."

Lachinayi anabwera ndi botolo la uchi. Lachinayi lotsatira anabweranso, ndi funso la mmene amasungunulira phula, ntchito imene anayamba kuigwira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Khadi la laibulale sanatenge. Mayi a Yazan anayesa kumulembetsa, iye anakana.

"Azakhali, ndikabwereka buku ndiye kuti ndikawerengera kunyumba. Nanga kunyumbako kuli chiyani?"

Miyezi inapita, ndipo mafunso okhudza mabuku anayamba kuchepa ngati tinthata tija.

"Kwa laibulale: kodi lilipo buku lofotokoza chifukwa chake munthu amathira mchere mu tiyi likamayandikira Lachinayi?"

"Laibulale siyankha mafunso otero."

Patapita mphindi imodzi: "Koma yawerenga kawiri."

Palibe amene akudziwa tsiku limene laibulale inachoka pakati pawo n'kutsala anthu awiri okha.

"Duwa langa la malalanje, lero ndatsegula mng'oma n'kuiwala chimene ndimafuna. Njuchi zimangondiyang'ana."

"Vala chipewa chako, wamisala iwe! Ndikufuna maso onse awiri Lachinayi."

"Maso anga ndiwe. Uchi wa chaka chino sukutsekemera, wapamtima. Ndalawa ming'oma yonse. Vuto ndi loti ndinamva mawu ako."

"Umawauza chonchi onse ogula uchi?"

"Ogula uchi ndimawauza mtengo. Iwe ndikulonjeza: njuchi zidzayamba zaleka kupanga uchi, ine ndisanaleke kukulembera."

Tasnim anawerenga uthengawo ataima pakati pa mashelefu a mabuku a zamalamulo, kumene sikufika munthu, n'kukumbatira foni pachifuwa. Ndani sakanatero?

Kunyumba, mayi ake anali ndi nkhani ina. Kunali dokotala wina wa mano, wa nyumba yake ndi galimoto yake, ndipo mayi a dokotalayo ankafuna kubwera kudzamwa tiyi. Aliyense amadziwa kuti tiyi wotero samwedwa chifukwa cha ludzu. Tasnim ankangoti, "Mwezi wamawa, amayi. Kuntchito kwachuluka zochita."

Ndiye kunabwera maphunziro a ku Amman.

Anali a masiku atatu, okhudza laibulale ndi intaneti. Kalata inati apite amene amayendetsa tsamba. Ustaz anayang'ana chithunzi chimene chili pamwamba pa tsambalo, n'kuona kuti nkhaniyo ndi yosachita kufunsa. Anapita iwo. Anabwerako ndi satifiketi, chikwama cha nsalu, ndi mawu atsopano anayi amene ankawatchula mokweza.

Lamlungu m'mawa, sabata ya ntchito ikungoyamba, anaitanira Tasnim mu ofesi.

"Mwana wanga, dziko lasintha. Inu achinyamata simukuzindikira, koma tsogolo lonse lili pa intaneti. Kuyambira lero tsambali ndiziliyendetsa ndekha."

"Ustaz, koma mauthenga a anthu..."

"Ndiziwayankha ndekha. Iwe utsikire kuchipinda chapansi, ukalowetse mabuku akale mu kompyuta. Chotsa dzina lako, uikepo langa. Pompano, ine ndikuona."

Anaima kumbuyo kwake, manja kumsana. Tasnim anatsegula mauthenga a patsambalo. Miyezi isanu ndi umodzi ya "duwa langa" inali pomwepo, pamwamba penipeni! Ustaz atavula magalasi kuti awapukute, iye anafufuta macheza onsewo kamodzin'kamodzi. Mpata wolemba ngakhale liwu limodzi lochenjeza Suhaib panalibe.

"Ndidzamuuza Lachinayi," anadzitonthoza akutsika masitepe. Zomulembera pa akaunti yakeyake anaziganizira, koma mtsikana woleredwa bwino sayamba ndiye kugogoda pakhomo pa mnyamata. Masiku anayi okha. Chingachitike n'chiyani m'masiku anayi?

Chinachitika Lolemba.

Suhaib anali atalankhula ndi abambo ake aakulu. Anakhala pamwala pafupi ndi ming'oma, n'kulemba, kufufuta, kulembanso, mpaka dzuwa linafika pamutu.

"Duwa langa, mtima wanga wakana kudikiranso. Ndikufuna kuona nkhope yako m'mawa uliwonse, osati Lachinayi lokha. Abale anga avomera. Ndiuze liwu limodzi lokha, nditumize akuluakulu akwathu kwa bambo ako. Ndikulonjeza kuti sudzalira chifukwa cha ine. Wako mpaka imvi."

Uthengawo unagwera mu foni ya Ustaz ali mkati modya zitumbuwa zawo za falafel. Anauwerenga, n'kuyang'ana dzina. Munthuyu sankamudziwa. Owerenga ankawadziwira kumsana kokha, akamadutsa pakhomo la ofesi. Pamwamba pa uthengawo panalibe macheza ena alionse. Anayang'ana chithunzi chawo cha patsamba kwa kanthawi ndithu, n'kukonza ndevu zapamlomo. Kenako anakwiya, monga ayenera munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, wa ana anayi.

Analemba ndi chala chimodzi, koma chala cholimba:

"Sindikukudziwani ndipo sindikufuna kukudziwani. Zimene mwalembazi n'zochititsa manyazi. Musalembenso kuno, ndipo phazi lanu lisapondenso pakhomo pano."

Kenako anamubuloka kuti asathenso kulemba, chinthu chokhacho chimene anachigwira bwino ku Amman.

Suhaib anawerenga yankholo kasanu. Anayesa kulemba kuti, "Ndalakwa chiyani?" koma uthenga sunapite. Khomo linali litatsekedwa. Njuchi inamutera padzanja n'kumuluma, iye osamva n'komwe.

Kodi miyezi yonseyi anali chidole chabe? Kodi kumwetulira konse kuja kunali kwa ntchito, kofanana ndi kumene amamwetulirira madala a nyuzipepala? Anakumbukira kuti nambala sanamupatse. Eya, ndiye chifukwa chake!

Anatseka akaunti yake tsiku lomwelo. Lachitatu anapakira ming'oma m'galimoto n'kutsetserekera kuchigwa, kumene malalanje anali atayamba kuchita maluwa. Abambo ake aakulu atamufunsa za ulendo wokafunsira mkazi uja, anangoti, "Iwalani. Ndimalota."

Lachinayi Tasnim anavala mpango watsopano wobiriwira. Anakwera masitepe kakhumi ndi kawiri, ulendo uliwonse ndi chifukwa chatsopano. Pofika nthawi yotseka, manyazi anali atamuthera. Anatulutsa foni yake n'kufufuza dzina la Suhaib. Panalibe. Dzina, chithunzi, ming'oma, zonse zinali zitasowa ngati munthuyo sanakhalepo.

Lachinayi lotsatira mpango uja anausiya kunyumba.

Sabata yachitatu, mayi a Yazan anamupeza kuchipinda chapansi akulirira pa buku la malamulo a misonkho.

"Anandinamiza, azakhali! Anati njuchi zidzayamba zaleka kupanga uchi. Ndadutsa pamsika lero, uchi uli mbwee!"

"Tiye tiyang'ane nambala yake m'kaundula."

"Khadi analibe."

"Chitsiru cha mnyamata! Ndinamuuza ine! Nanga kumudzi kwawo sukudziwa?"

"Ndikudziwa. Ndipiteko ndikati chiyani? Anthu azikandiloza ndi milomo?"

Tsiku lomwelo mayi ake atatchulanso za tiyi, Tasnim sanatchule za ntchito.

"Auzeni abwere," anatero, akuyang'ana khoma.

Anagwirizana za Loweruka la sabata yotsatira.

Tsamba nalo linali likudwala. Ustaz ankaikapo zolankhula zawo, zathunthu. Anaikapo chithunzi cha satifiketi, china cha iwo atanyamula satifiketi, ndi china cha denga la ofesi chimene sanadziwe kachotsedwe kake. Ola la nthano linasintha tsiku, amayi osauzidwa, ndipo ana khumi ndi asanu anabwera kudzapeza chitseko chokhoma. Otsatira tsamba anayamba kuchoka mwakachetechete, ngati anthu amene alowa pamaliro a munthu wosamudziwa.

Lamlungu, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tiyi amwedwe, Ustaz anaiwala pasiwedi. Anaitanitsa Tasnim.

"Sikuti ndikufuna thandizo," anatero. "Ndikufuna ndione ngati ukukumbukirabe."

Tasnim anakumbukira. Tsamba litatseguka anapeza mauthenga makumi asanu ndi limodzi osayankhidwa, ndi umodzi woyankhidwa.

Anauwerenga ataimirira. Pofika pa "wako mpaka imvi" anali atakhala pansi, pampando wa Ustaz weniweniwo, umene sakhalapo munthu wina. Kenako anawerenga yankho.

"Ustaz! Mwachita chiyani?"

"Ndateteza ulemu wa laibulale kwa wamisala wina amene..."

"Amalembera ine!"

Ustaz anayang'ana foni, Tasnim, kenako chithunzi chawo. Pankhope pawo panadutsa kanthu kooneka ngati kukhumudwa.

Mayi a Yazan anali atafika kale pakhomo. Anamva nkhani yonse, n'kupinda manja.

"Ustaz, mwapasula banja lisanamangidwe. Mupepese."

"Mkulu wa laibulale sapepesa pa nkhani za ntchito. Ndiponso ndikamupepesera kuti? Munthuyo wathawa pa intaneti."

Mayi a Yazan sanakhale zaka makumi awiri ndi zitatu pansi pa bwana ameneyu pachabe. Anatsitsa mawu.

"Ndani wanena zopepesa? Lilime langa laterereka. Ine ndimati kuyanjanitsa. Mumzinda muno, amene amayanjanitsa mabanja ndi anthu otani? Si akuluakulu okhaokha? Ndiye tangoganizani, munthu woyamba kuyanjanitsa anthu pa vidiyo..."

Ustaz anayang'ana kukabati.

"Tayi yanga yabuluu ili m'kabati," anatero kenako.

Tasnim anaika lamulo limodzi: dzina lake lisatchulidwe, la Suhaib lisatchulidwe. Irbid ndi mzinda waukulu mpaka tsiku limene mtsikana watchulidwa dzina. Anayamba kujambula ndi foni, Ustaz n'kuyamba ndi mbiri ya laibulale kuchokera pa maziko. Pokonza vidiyoyo Tasnim anadula zonsezo, n'kusiya masekondi makumi anayi okha:

"Kwa mlimi wa njuchi amene analembera tsamba lino Lolemba, masabata atatu apitawo. Amene anakuyankha, mwana wanga, ndine, Fawwaz, ndevu zanga ndi izi. Amene unkamulembera sanauone uthenga wako mpaka lero. Funso lako likadali pano, losayankhidwa. Ubwere udzatenge yankho lako wekha. Timatsegula eyiti koloko."

Amayi a ola la nthano ndiwo anayamba kugawana. Ophunzira anatengera, madala a nyuzipepala n'kupempha zidzukulu kuti ziwatumizire kwa anzawo. Pofika Lachiwiri, vidiyoyo inali itaonedwa ndi anthu ochuluka kuposa onse amene analowapo mu laibulale chimangidwireni. Pansi pake anthu ankakangana.

"Funso lanji?"

"Mlimi iwe, bwerera, usatiphe ndi mtima!"

"Ndevuzo n'zenizeni?"

Kunabwera alimi a njuchi anayi. Palibe amene anali Suhaib, koma aliyense ankafuna kudziwa ngati yankholo lingamukwane. Mayi a Yazan anawalembetsa onse makadi asanakhale n'komwe pansi.

Lachitatu linadutsa. Tasnim sanadye.

Lachinayi, chitseko chisanatsegulidwe, panja panali pataima galimoto yamatope, yonunkhira utsi ndi maluwa a malalanje. Vidiyo ija inali itatsikira kuchigwa kudzera pa gulu la Watsapu la alimi a njuchi, ndipo mwini munda wa malalanje ndiye anaonetsa Suhaib, akuseka: "Taona chitsiru china ichi, chathawa yankho lake!"

Suhaib analowa ataonda, ndevu zosameta, chipewa chake cha ukonde m'manja. Anaima pa tebulo la kompyuta. Tasnim anaimirira. M'chipinda chowerengeramo manyuzipepala onse anatsika pang'onopang'ono.

"Ndinakhulupirira kuti ndiwe," anatero Suhaib.

"Unakhulupirira? Miyezi isanu ndi umodzi ukuwerenga zolemba zanga, ndiye sungasiyanitse ine ndi Ustaz?"

"Mutu sunagwire, wapamtima. Ndinangoona mdima."

"Masabata atatu, Suhaib! Sukanabwera kudzandifunsa pamaso? Ndalira mpaka kunyowetsa malamulo a misonkho! Ukudziwa kuti Loweruka lino kwathu kukubwera mayi a dokotala wa mano?"

Suhaib anagwira tebulo ndi manja onse awiri.

"Ndachedwa?"

Tasnim anamusiya avutike kwa masekondi angapo. Anali ndi ufulu. Inamuwonongera ndi misozi, imene inangotsika yokha iye akuseka.

"Funsa funso lako. Pakamwa, osati pa foni."

"Duwa langa, nditumize akuluakulu akwathu?"

"Tumiza kaye mayi ako mawa, wamisala iwe, asanafike a manowo! Akuluakulu atsatire."

Mdala wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja. Mayi a Yazan anamulozera chikwangwani cholembedwa kuti "Chete", uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Mayi a dokotala anauzidwa mwaulemu kuti tiyi watha. Patapita masabata awiri, galimoto khumi ndi zinayi zinaima pakhomo pa bambo a Tasnim, n'kutsika amuna ovala majekete, Suhaib ali pakati pawo, wometa bwino.

Wolankhulira gulu lotere amayenera kukhala munthu wolemekezeka. Abambo aakulu a Suhaib anali atakonzeka, koma Ustaz anafotokoza kuti popanda iwo nkhaniyi sikanafika pamenepa, ndipo palibe amene akanatsutsa.

Anawathirira khofi. Monga mwa mwambo, Ustaz sanamwe. Anaika kapu patebulo, pakuti khofi wa opempha mkazi samwedwa mpaka eni mwana avomere. Anaimirira, kukonza tayi, n'kutulutsa pepala.

Anayamba ndi kufunika kwa banja. Anadutsira ku Amman. Analongosola kusiyana kwa laibulale yakale ndi yamakono. Bambo a Tasnim, munthu wofatsa wokonza mawotchi, anatsegula pakamwa katatu kuti avomere, ndipo katatu konse anapeza kuti chiganizo sichinathe. Khofi anasiya kufuka nthunzi. Suhaib ankatuluka thukuta m'jekete, maso ali pa kapu.

Kuseri kwa chitseko, pakati pa amayi, Tasnim anali atafinya dzanja la mayi a Yazan mpaka kulichititsa dzanzi.

Patadutsa mphindi makumi anayi, Ustaz anaima kuti apumeko mpweya. Bambo a Tasnim anadzambatuka.

"Tamva, Ustaz, tamva zonse! Ndiloleni ndifunse mwini wake."

Anapita pachitseko n'kuchitsegula pang'ono.

"Mwana wanga, anthuwa abwera chifukwa cha iwe. Ndiwayankhe chiyani?"

Mawu a Tasnim anamveka m'nyumba monse.

"Auzeni amwe khofiyo, ababa, ndisanakalambe!"

Amuna anaseka mpaka kugwira nthiti. Nthungululu inang'amba denga. Suhaib anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka, ndipo abale ake anagwirizana kuti akuseka.

"Imwani khofi wanu, Ustaz," anatero bambo a Tasnim. "Mwana tapereka."

Ustaz anayang'ana pepala lawo. Anali atatsala ndi mfundo zina zisanu ndi imodzi, zabwino zokhazokha. Anayang'ana mnyamatayo, kenako chitseko chija. Anapinda pepalalo, kuliika m'thumba, n'kumwa khofi wozizirayo kamodzi.